Momwe khansa imagonetsera asilikali a m'thupi: mafunso ndi mayankho a anthu a m'mphepete mwa nyanja ya Nyasa

Munthu wa ku Mbamba Bay, likulu la boma la Nyasa m'chigawo cha Ruvuma ku Tanzania, akapezeka ndi khansa amakhala ndi ulendo wautali. Amayambira pa chipatala chapafupi, kaya ku Liuli kapena ku Lituhi, n'kukwera mapiri a Amatengo kupita ku Mbinga, kenako ku Peramiho kapena ku Songea. Chotupa chikafuna kuwotchedwa ndi makina, ambiri ulendo wawo umakathera ku Ocean Road Cancer Institute ku Dar es Salaam, mtunda woposa makilomita 1,000. Ali m'njiramo, abale ake amamva pa wailesi ndi pa foni kuti kunja kwatuluka mankhwala "odzutsa chitetezo cha m'thupi" kuti chiphe khansa. Zina mwa nkhanizi n'zoona, zina n'zamalonda. Mbali imodzi ya zoonazo ikukhudza tinthu tiwiri ta m'thupi, ATP ndi adenosine, timene asayansi akhala akutifufuza kwa zaka zoposa 50.

Kodi n'zoona kuti thupi lingathe kulimbana ndi khansa palokha?

N'zoona, ndipo umboni wake anthu a kunyanja anauona ndi maso. Amene anakula m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira anthu odwala Edzi amene ankatuluka zipsera zakuda zotupa m'miyendo ndi m'kamwa. Imeneyo ndi khansa yotchedwa Kaposi sarcoma. Imakula chitetezo chikagwa, ndipo ma ARV atafika, ena mwa odwala amene khansayo inali isanafalikire anaona zipserazo zikuphwa popanda mankhwala ena a khansa. Ma ARV sapha khansa. Amangobwezeretsa asilikali a m'thupi, ndipo asilikaliwo ndi amene amagwira ntchitoyo.

Chitsanzo china chili pamkono panu. Katemera wa BCG, amene amasiya chipsera pa ana ambiri obayidwa kuti atetezedwe ku TB, amagwiranso ntchito pochiza mtundu wina wa khansa ya chikhodzodzo ikakhala yongoyamba kumene. Dokotala wa ku Canada, Alvaro Morales, anaonetsa mu 1976 kuti BCG akathiridwa m'chikhodzodzo amaputa chitetezo, ndipo chitetezocho chimaukira chotupa.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi ntchito ya James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2018. Iwo anapeza tinthu timene timaletsa maselo otchedwa T kumenya nkhondo, ndipo papangidwa mankhwala ochotsa zoletsazo: ipilimumab mu 2011, pembrolizumab ndi nivolumab mu 2014. Anthu ena amene madokotala anali atawataya ali moyo lero chifukwa cha mankhwalawa. Koma odwala ambiri amene amawalandira sawathandiza. Funso la chifukwa chake ndi limene linatsogolera ofufuza ku adenosine.

Nanga ATP ndi adenosine n'chiyani?

ATP ndi kanthu kamene kamanyamula mphamvu m'selo iliyonse yamoyo. Mkono wa msodzi ukamakoka chilimira, mtima ukamagunda, ubongo ukamaganiza, zonsezo zikudya ATP. Thupi limaipanga ndi kuiphwanya mosalekeza, kotero kuti pa tsiku limodzi munthu amagwiritsa ntchito ATP yolemera pafupifupi ngati thupi lake lomwe. Kapangidwe kake ndi adenosine yolumikizidwa ndi timagulu titatu ta phosphate. Timagulu titatuto tikachotsedwa, yotsala ndi adenosine yokha.

Kwa nthawi yaitali asayansi ankakhulupirira kuti ntchito ya ATP imathera mkati mwa selo. Mu 1929, Alan Drury ndi Albert Szent-Györgyi anaona kuti adenosine imachedwetsa kugunda kwa mtima, koma ochepa ndi amene anatsatira nkhaniyo. Mu 1972, Geoffrey Burnstock, wobadwira ku London amene pa nthawiyo ankaphunzitsa ku Melbourne, analemba kuti mitsempha ina imatumiza uthenga pogwiritsa ntchito ATP. Anzake ambiri anamutsutsa kwa zaka pafupifupi 20. Ankati kanthu kopezeka paliponse chotero sikanganyamule uthenga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 tolandirira uthengawo tinapezeka, ndipo mkangano unatha. Burnstock anamwalira mu 2020, ataona kuti zimene anakanidwa nazo zasanduka nthambi yathunthu ya sayansi, yotchedwa purinergic signalling chifukwa ATP ndi adenosine zili m'banja la mankhwala otchedwa purine.

Uthengawo umalandiridwa bwanji?

Pakhungu la selo pamakhala tolandirira uthenga, timene asayansi amati ma receptor. A adenosine alipo 4: A1, A2A, A2B ndi A3. A ATP ndi abale ake ali m'magulu awiri, P2X amene alipo 7 ndi P2Y amene alipo 8. Musavutike kuloweza onsewa. Pa nkhani ya khansa ofunika kwambiri ndi P2X7, wolandira ATP, ndi A2A pamodzi ndi A2B, olandira adenosine.

Zipatala zathu zimagwiritsa ntchito chidziwitsochi kale, ngakhale kuti odwala sadziwa. Clopidogrel, mankhwala oletsa magazi kuundana mwa odwala mtima, amatseka P2Y12. Munthu mtima ukamathamanga mopitirira muyezo, madokotala amabaya adenosine mumtsempha, ndipo mphamvu yake imatha m'masekondi ochepa. Madzi akadzaza m'chifuwa, ma labotale ena amayeza adenosine deaminase, kanthu kophwanya adenosine, pofuna kudziwa ngati ndi TB.

Tsono khansa imalowa bwanji m'nkhaniyi?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye tichedwepo.

Mkati mwa selo ATP imakhala yochuluka kwambiri, pamene kunja kwa selo yathanzi imakhala yochepa zedi, kusiyana kwake kungafike ka miliyoni. Choncho ATP ikapezeka yambiri kunja, thupi limadziwa kuti penapake selo yang'ambika. Zili ngati mfuu ya pagombe bwato likatembenuka: aliyense wamva amasiya zimene akuchita n'kuthamangira kumadzi. Maselo a chitetezo amalondola ATP mpaka pamalo ovulalawo. Ena mwa iwo, otchedwa dendritic, ATP ikawakhudza pa P2X7 amatulutsa mankhwala oyambitsa kutupa ndi kutentha, n'kunyamula zidutswa za selo yakufayo kukaonetsa maselo T kuti adziwe mdani.

Koma mfuu singakhale ya tsiku lonse. Pamafunika wina wonena kuti anthu apulumuka, bwererani. Chitetezo chimene sichileka kumenya chimawononga mwini wake. Motero pakhungu la maselo ambiri pali tinthu tiwiri togwira ntchito motsatizana. CD39 imachotsa timagulu tiwiri ta phosphate pa ATP, n'kutsala AMP. CD73 imachotsa kotsalako, n'kutsala adenosine. Adenosine ikafika pa A2A ya selo T, mkati mwa seloyo mumakwera kanthu kotchedwa cyclic AMP, ndipo seloyo imaleka kuswana, imaleka kutulutsa ululu wophera mdani, imangokhala duu. Kanthu komweko kamene kanaitana asilikali, kakadulidwa, ndi kamene kamawabweza. M'chilonda cha mbedza pachala dongosolo limeneli ndi labwino: bala limatsukidwa, kutupa kumatha, khungu limamera.

Chotupa cha khansa chimalanda dongosolo lomweli. Chimakula mofulumira kuposa mitsempha ya magazi yochidyetsa, choncho mkati mwake mumasowa mpweya ndipo maselo ambiri amafa. ATP imatayika yochuluka. Mu 2008 gulu la Francesco Di Virgilio la ku yunivesite ya Ferrara ku Italy linayeza ATP m'zotupa za mbewa zamoyo n'kupeza kuti ndi yambiri zedi, pamene m'nyama yathanzi yoyandikana nayo sinkaoneka n'komwe. Munthu angaganize kuti mfuu yaikulu chotero iitana asilikali onse. Koma kusowa kwa mpweya komweko kumauza maselo kuti apange CD39 ndi CD73 zambiri. Maselo a khansa, maselo a m'mitsempha ya magazi, ndiponso gulu lina la maselo T amene ntchito yawo ndi kuletsa anzawo, onse amayamba kusandutsa ATP kukhala adenosine. Asilikali amafika pachotupa ndithu, koma amapeza uthenga wakuti nkhondo yatha.

Adenosine simathera pa maselo T okha. Imafooketsa maselo otchedwa NK, amene amapha maselo osokonekera osadikira kulamulidwa. Kudzera pa A2B imasintha maselo ena a chitetezo kukhala othandiza chotupa, ndipo imalimbikitsa kumera kwa mitsempha yatsopano yochibweretsera chakudya. Ndipo P2X7 nayo siili mbali imodzi: pa maselo a chitetezo imathandiza thupi, koma pa maselo ena a khansa imawathandiza kukula. N'chifukwa chake kupanga mankhwala a nkhaniyi n'kovuta kuposa momwe kumamvekera.

Izi zinatsimikizika kapena ndi maganizo chabe?

Pa mbewa zinatsimikizika mobwerezabwereza. Mu 2001, Akio Ohta ndi Michail Sitkovsky anaonetsa kuti mbewa zopanda A2A zimavulazidwa kwambiri ndi chitetezo chawo chomwe, kusonyeza kuti adenosine ndi yoletsa yachibadwa. Mu 2006 anaonetsa mbali inayo: mbewa zambiri zopanda A2A zinatha kugonjetsa zotupa zimene zinkapha mbewa wamba. Mu 2010, John Stagg ndi Mark Smyth ku Melbourne anabaya mbewa za khansa ya m'mawere mankhwala otseka CD73, ndipo zotupa zinachedwa kukula ndi kufalikira.

Pa anthu pali umboni wa mtundu wina. Mu 1972 Eloise Giblett wa ku Seattle anapeza ana obadwa opanda adenosine deaminase. Mwa ana amenewa adenosine ndi abale ake zimaunjikana, ndipo amakhala pafupifupi opanda chitetezo chilichonse. Komanso pa mitundu ingapo ya khansa, kuphatikizapo mtundu wovuta wa khansa ya m'mawere wotchedwa triple-negative, odwala amene zotupa zawo zili ndi CD73 yambiri nthawi zambiri matenda awo amakula msanga.

Ndiye mankhwala ake alipo?

Pofika 2025 panalibe mankhwala ngakhale amodzi otseka CD39, CD73 kapena A2A amene anavomerezedwa kuchiza khansa, kaya ku Tanzania, ku Malawi kapena ku America. Onse anali pa kafukufuku. Mfundoyi muigwiritse, chifukwa ndi imene ingakutetezeni kwa akuba.

Zotsatira za kafukufukuyo n'zosakanikira. Mankhwala otseka A2A otchedwa ciforadenant anayesedwa pa odwala khansa ya impso 68 amene mankhwala ena anali atakanika. Lipoti la 2020 linati chotupa chinaphwa mooneka mwa munthu mmodzi pa 33 amene analandira mankhwalawo okha, ndi mwa 4 pa 35 amene anawalandira pamodzi ndi atezolizumab, mmodzi wa mankhwala ochotsa zoletsa aja. Ndi anthu ochepa, ngakhale kuti enanso matenda awo anaima kwa miyezi. Kafukufuku wotchedwa COAST, wa odwala khansa ya m'mapapo 189, anapatsa chiyembekezo chokulirapo mu 2022. Mwa olandira durvalumab yekha, amenenso ndi wochotsa zoletsa, pafupifupi 18 pa 100 alionse chotupa chinaphwa. Mwa owonjezeredwa oleclumab, yotseka CD73, anali 30 pa 100. Pofuna kutsimikiza, kampani ya AstraZeneca inayambitsa kafukufuku wamkulu wotchedwa PACIFIC-9. Kampani ya Arcus nayo inatengera mankhwala ake otchedwa quemliclustat pa kafukufuku wamkulu wa khansa ya pancreas.

Chimene ofufuza aphunzira n'chakuti kutseka adenosine pakokha sikokwanira. Chotupa chili ndi njira zinanso zopangira adenosine zosadutsa pa CD39, ndipo chili ndi zoletsa zina zosakhudzana ndi adenosine. Ngati mankhwalawa adzapambane, adzakhala othandizira ena, osati oima paokha. Chodziwika n'chakuti A2A ingatsekedwe mwa munthu popanda ngozi yaikulu, pakuti istradefylline, yotseka A2A, ikugwira ntchito pa matenda a Parkinson ku Japan kuyambira 2013 ndi ku America kuyambira 2019.

Tamva kuti khofi amatseka tolandirira adenosine. Poti ku Mbinga khofi ndi wambiri, kodi tikamamwa tipewa khansa?

Theka loyamba ndi loona. Munthu akakhala maso nthawi yaitali, adenosine imachuluka muubongo n'kumubweretsera tulo. Caffeine wa mu khofi ndi tiyi amakhala pa A1 ndi A2A, adenosine n'kusowa pofikira. N'chifukwa chake msodzi wa usipa amene wamwa khofi amatha kuchezera ndi nyali panyanja. Ndipo pa kafukufuku wa mbewa wa 2006 uja, caffeine anali mmodzi mwa mankhwala amene anayesedwa, ndipo anathandiza maselo T kumenya chotupa.

Theka lachiwiri ayi. Caffeine amagwira mofooka, sasankha receptor, ndipo adenosine ya mkati mwa chotupa ndi yochuluka kwambiri kuposa ya muubongo. Kuti munthu amwe khofi wokwanira kupikisana nayo, mtima ungayambe wasokonezeka. Palibe kafukufuku wa anthu amene anaonetsa kuti khofi amaphwetsa chotupa. Alimi a arabica a m'mapiri a Amatengo ali ndi mbewu yabwino yogulitsa, koma si mankhwala a khansa.

Pali china chokhudza chikho chomwecho chimene ndingakonde kuti chimveke kwambiri kuposa nkhani ya caffeine. Mu 2016 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linanena kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kummero. Khansa imeneyi ndi yofala kwambiri ku Malawi ndi ku Tanzania kuyerekeza ndi maiko ambiri a dziko lapansi. Tiyi, khofi ndi phala muzizisiya zizizire pang'ono.

Kodi nkhaniyi ili ndi chochita ndi matenda amene timawadziwa kuno?

Ili nacho, m'njira zimene anthu ambiri sangaganizire. Suramin, mankhwala amene kampani ya Bayer inapanga mu 1916, akhala akuchiza matenda a kaodzera kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Anthu olumidwa ndi kashembe ku Rumphi, ku Nkhotakota ndi m'madera a Tanzania oyandikana ndi nkhalango za nyama abayidwa suramin kwa mibadwo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunadziwika kuti suramin amatseka ma receptor a P2, ndipo anakhala chida chimene ma labotale a dziko lonse ankagwiritsa ntchito pofufuza ATP. Anayesedwanso pa khansa ya prostate m'zaka za m'ma 1990, koma phindu lake linali lochepa poyerekeza ndi kuvulaza kwake, ndipo sanavomerezedwe. Phunziro lake n'lakuti mankhwala otseka chilichonse mosasankha sathandiza pa nkhaniyi.

Chachiwiri ndi likodzo. Nyongolotsi zake zimakhala m'mitsempha ya magazi ya munthu kwa zaka zambiri, pakati pa asilikali a m'thupi, osaphedwa. Ofufuza a ku yunivesite ya Tufts ku America, poyang'ana mtundu wa Schistosoma mansoni, anapeza kuti pakhungu la nyongolotsizi pali tinthu tophwanya ATP ndi topanga adenosine, tofanana ntchito ndi CD39 ndi CD73. Nyongolotsi ndi chotupa zikugwiritsa ntchito nzeru imodzi. Mtundu wina, Schistosoma haematobium, umene umachititsa mwana kukodza magazi ndipo ulipo m'madzi osaya a nyanja yathu, uli pa mndandanda wa IARC wa zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Mazira ake amakhazikika m'chikhodzodzo, chimatupa kwa zaka ndi zaka, ndipo mwa ena mapeto ake ndi khansa ya chikhodzodzo. Kumudzi mnyamata wokodza magazi ena amati wakula. Sanakule, akudwala, ndipo praziquantel amachiza.

Chachitatu ndi khansa ya ana yotupitsa nsagwada kapena mimba. Denis Burkitt anailemba mu 1958 ali ku Kampala, ndipo mu 1961 anayenda pa galimoto ndi anzake awiri m'zipatala za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo za ku Nyasaland. Anapeza kuti imapezeka m'madera otsika ndi otentha monga a m'mphepete mwa nyanja, koma ndi yosowa kumapiri ozizira. Pambuyo pake kunadziwika kuti gwero lake ndi kachilombo ka Epstein-Barr pamodzi ndi malungo obwerezabwereza, amene amafooketsa maselo T oyang'anira kachilomboko. Mwana wa ku Mbamba Bay ali pachiopsezo chimene mnzake wa pamwamba pa mapiri sali nacho mofanana. Chosangalatsa n'chakuti khansa imeneyi imamva mankhwala msanga mwana akafika kuchipatala nthawi ilipo.

Taonani mndandandawu: khansa ya khomo la chiberekero imadza ndi kachilombo ka HPV, Kaposi sarcoma ndi kachilombo ka HHV-8 pamodzi ndi HIV, ya Burkitt ndi Epstein-Barr ndi malungo, ya chikhodzodzo ndi likodzo, ya chiwindi ndi hepatitis B. Khansa zathu zambiri zimabadwa pa mkangano wa nthawi yaitali pakati pa tizilombo ndi chitetezo cha m'thupi. Ngati pali malo amene funso la adenosine liyenera kufunsidwa, ndi kuno. Komabe kafukufuku wamkulu amene ndatchula uja akukhudza khansa ya m'mapapo, ya impso ndi ya pancreas, ndipo wachitikira makamaka ku America, ku Ulaya ndi ku Asia. Ili ndi vuto lenileni, pakuti chitetezo cha munthu amene wakula ndi malungo, likodzo kapena HIV sichifanana ndi cha munthu wa ku Boston. Zadziwika kale kuti mwa anthu amene ali ndi HIV, maselo T oletsa anzawo aja amakhala ndi CD39 yochuluka.

Mayi anga akulandira mankhwala a m'dripi ku Ocean Road. Kodi zimenezi zikuwakhudza?

Zikuwakhudza, ndipo mwa ubwino. Mankhwala ena akale a khansa, monga doxorubicin ndi oxaliplatin, akamapha maselo a chotupa amawachititsa kutaya ATP yambiri. Kuwotcha ndi makina kumachitanso chimodzimodzi. Mu 2009 gulu la Laurence Zitvogel ndi Guido Kroemer ku France linaonetsa pa mbewa kuti ATP imeneyi, ikafika pa P2X7 ya maselo a dendritic, imadzutsa chitetezo, ndipo mbewa zopanda P2X7 mankhwalawo sankazithandiza mokwanira. Choncho dripi imene mayi akulandira ingakhale ikugwira ntchito ziwiri, kupha chotupa mwachindunji ndi kuitana asilikali. Mankhwala atsopano aja cholinga chawo n'chakuti ATP yotayikayo isasanduke adenosine msanga. Akudzera pa mankhwala akalewo, sakuwalowa m'malo. Mayiwo amalize ndondomeko yonse imene madokotala anawalembera, ngakhale tsitsi lithothoke ndi chilakolako cha chakudya chithe. Zikawavuta auze anamwino, asasiye okha.

Pamsika ndi pa WhatsApp akugulitsa mankhwala "okweza chitetezo". Kodi si omwewa?

Si omwewo. Mwaona kale kuti vuto la wodwala khansa nthawi zambiri si kuchepa kwa asilikali, koma kuti afika pachotupa n'kugonetsedwa pomwepo. Ufa wa m'botolo, madzi a masamba kapena mapiritsi olembedwa kuti ATP sangafike pamenepo. ATP yomeza imaphwanyidwa m'matumbo ndi m'magazi isanapite patali. Mankhwala enieni odzutsa chitetezo amaperekedwa kuchipatala moyang'aniridwa, chifukwa angachititse chitetezo kuukira mapapo, matumbo kapena chiwindi cha mwini wake. Mankhwala amene wogulitsa akuti alibe vuto lililonse, dziwani kuti alibenso mphamvu.

Chondipweteka n'chakuti ndalama za usipa wa nyengo yonse zimathera pa mabotolo amenewa, ndipo wodwala akamafika ku Songea miyezi imene chotupa chikanachotsedwa ndi opaleshoni yadutsa. Musanagule, funsani ngati mankhwalawo analembetsedwa ku TMDA, bungwe loyang'anira mankhwala ku Tanzania, kapena ku PMRA ngati muli tsidya la Nkhata Bay, ndipo funsani kuti analembetsedwa kuchiza matenda ati.

Ngakhale mankhwala otseka adenosine atavomerezedwa mawa, kodi adzafika kuno?

Sadzafika okha. Pembrolizumab wakhalapo kuyambira 2014, ndipo kafukufuku wa 2021 anaonetsa kuti amatalikitsa moyo wa amayi a khansa ya khomo la chiberekero yofalikira, khansa imene imapha amayi ambiri kuposa ina iliyonse ku Tanzania ndi ku Malawi. Koma mtengo wake ndi wa madola zikwi zambiri pa dripi imodzi m'maiko olemera. Mu 2025 WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira pa khansa imeneyi, ndipo ili ndi sitepe loti maboma agwiritse pokambirana mitengo. Ma ARV nawonso ankaoneka osatheka mu 2000, koma anthu anaumirira mpaka mitengo inatsika.

Mankhwala otere amafunanso labotale yoyeza chotupa, makina ojambula ndi madokotala odziwa kuthana ndi zovuta zake. Zipangizozi zikumera pang'onopang'ono. Ocean Road inakhazikitsidwa mwalamulo mu 1996, Bugando ku Mwanza ndi KCMC ku Moshi zili ndi nthambi za khansa, Lusaka ili ndi Cancer Diseases Hospital kuyambira 2007, ndipo Lilongwe inatsegula National Cancer Centre mu 2025. Malo amenewa ayenera kuumirira kulowa m'kafukufuku wa mankhwala a adenosine pa khansa zathu, osadikira kugula zotsatira za anthu ena. Aphungu a Nyasa, Mbinga ndi Songea ali ndi chifukwa chofunsira zimenezi ku Dodoma.

Nanga ife tichite chiyani lero?

Njira yamphamvu kwambiri yogwiritsa ntchito chitetezo cha m'thupi polimbana ndi khansa inafika kale pa sukulu ndi pa zipatala za m'mphepete mwa nyanja, ndipo ndi yaulere. Katemera wa HPV amaphunzitsa asilikali kudziwa kachilombo kasanalowe, chotupa chisanakhalepo choti chiwagonetse. Tanzania inayamba kumupereka m'dziko lonse mu 2018, ndipo mu 2024 inayamba kubaya atsikana a zaka 9 mpaka 14 kamodzi kokha. Malawi inayamba mu 2019. Katemerayu satseka mimba, ndipo atsikana mamiliyoni ambiri alandira pa dziko lonse.

Amayi kayezetseni khomo la chiberekero, makamaka ngati muli ndi HIV, pakuti chiopsezo chanu n'chachikulu kangapo. Kuyezako n'kwa mphindi zochepa, ndipo zilonda zoyamba zimachotsedwa zisanasanduke khansa. Amene muli pa ma ARV musadumphitse. Ana amwe praziquantel akabwera naye kusukulu, agone m'neti, ndipo amalize katemera wa ukhanda amene ali ndi wa hepatitis B. Chakudya chikayamba kukakamira pakhosi, magazi akamatuluka mutagonana kapena mutasiya kale kusamba, bere likachita chotupa, mwana nsagwada ikatupa mofulumira, mkodzo ukakhala ndi magazi, pitani kuchipatala sabata yomweyo ndipo pemphani kalata yopitira patsogolo ngati simukuchira.